Mwera ndi wa Anthu a Kummwera

Chaka chija tinavota koyamba zipani zitachuluka, mwezi wa Julayi, m'pamene nyumba ino inasiya mwambo woti mtengwa azilankhulira pansi. Ndiye iwe Tadala, dzuka pakhomopo, usandigwadire kutali ngati wabwera kudzapempha mchere. Sendera kuno, khala pamkeka pomwe pano, tenga lichero ili uzisenda nafe mtedza. Chikwatiwire ndi mdzukulu wanga Dalitsoyu ine mawu ako sindinawamve, umangoti "eya agogo, ayi agogo," maso ali pansi, ndipo dzulo ndinakuona ndi maso angawa, apongozi ako aamuna akukwera makwerero othyoka aja, iwe ukudziwa bwinobwino kuti ngothyoka, koma unangogwira pakamwa. Ulemu woterowo ine ndinauona kumene umathera. Ana inunso zimitsani mafoniwo, nkhani iyi ndi ya magazi anu.

Nthawi imeneyo Biwi sanali chonchi ayi. Kunalibe mipanda ya njerwa imene mwatsekerana nayoyi, munthu ukaima pakhonde pano unkaona mpaka kumsewu, magalimoto akufa ali ndandanda pansi pa mitengo, amakanika ali chagada kunsi kwake, owotcherera zitsulo akuthwanimitsa moto masanasana, ndipo ku tauni tinkapita wapansi, minibasi inali ya tsiku limene mwendo watupa. Agogo anu aamuna, abambo a Yohane, anali mmodzi wa amakanikawo. Poyamba ankayendetsa lole, kenako anatsegula kagalaja kuseri kuno pamene pali mapapaya apo. Manja anali nawo, zimenezo sindingawamane, injini imene ena aitaya iwo ankaidzutsa. Koma mutu, abale inu! Mutu unali wouma, ndipo china n'chakuti anali munthu wanthabwala, woti akangotsegula pakamwa anthu ayamba kale kuseka asanamve n'komwe chimene wanena. Chimenechi muchisunge, chifukwa n'chimene chinatipweteka.

Mwana wathu Yohane, bambo ako iwe Dalitso, anapeza mbeta kutchalitchi, nyaLongwe, mayi akowa. Kwawo ndi kunyanja, kumpoto kwa Nkhata Bay cha ku Usisya uko, kamudzi kopanikizika pakati pa phiri ndi madzi, kumene galimoto inali isanapondeko. Ife a ku Dowa zamalowolo sitizidziwa, kwathu mnyamata amangonyamula khasu kupita kuchikamwini, koma a kumpoto amafuna ng'ombe. Abambo a nyaLongwe anali munthu womva zinthu, anati, "Ng'ombe idzadya chiyani kuno, miyala? Mundipezere injini ya boti, mukaipeza mudzabwere nayo, ana akwatirane." Ukwati unachitika, mimba inabwera, iwe Dalitso n'kubadwa, injini osaoneka. Ndiye anzathu a kumpoto amene tinkapemphera nawo anayamba kumawaseka agogo anu kuti Achewa mumakwatira ulere, ndipo ngakhale iwo ankaseka nawo, ine wogona nawo nyumba imodzi ndinkaona kuti mawuwo akuwadya.

Tsiku lina balamanthu, abwera ndi chinthu pawilibala, chadzimbiri, chopanda chivundikiro, ati aigula kwa munthu wina wa ku Salima. Anaipasula yonse, tizitsulo mbwee pachiguduli, mpaka mafuta anga ophikira anathera pomwepo, ndipo itakwana anadzaza madzi m'diramu lija timasungira madzi mpaka lero, n'kuikoleka m'mphepete, n'kukoka chingwe. Mayo ine! Chinalira chinthu chija, madzi anathovokera padenga, nkhuku zonse balala, Biwi yense anathamangira kuno kudzaona boti la m'diramu. Agogo anu atanyowa thupi lonse anagwira chogwirira chija, akuchipotokola uku ndi uku, akufuula kuti, "Mwaona? Palibe kusiyana ndi lole! Nyanja ndi diramu lalikulu basi!" Anthu anagwa nako kuseka. NyaLongwe anali pazenera ndi mwana m'manja, ndipo yekhayo sanaseke.

Muyenera kumvetsa za mtengwa wa masiku amenewo, osati za lero zoti apongozi ndi mtengwa amatumizirana zithunzi pafoni. NyaLongwe akamva nsapato za apongozi ake panjira ankapatukira kuseri, akamapereka madzi osamba m'manja ankaika beseni pansi n'kubwerera chogwada, ndipo nkhani iliyonse, kaya ya sopo kaya ya mwana kudwala, inkadzera mwa ine. Ife Achewa mwambowu tili nawo, koma a kwawoko anauwirikiza. Chiyambire kukhala nyumba imodzi, awiriwo anali asanalankhulanepo liwu ndi limodzi lomwe.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, agogo anu anaitana anzawo a kumpoto aja, akulu a mpingo, mmodzi wa iwo a Mhone amene ankagwira ntchito muofesi ina ku City Centre, kuti adzamve za ulendo. Anasesa pabwalo apo ndi phazi, n'kutenga sipanala kujambula nyanja pafumbi, zitsekerero za mabotolo ndizo midzi. Anati, "Apa pa Nkhata Bay tifika pa basi. Pali munthu wa golosale ali ndi boti la matabwa lopanda injini, atibwereka. Timangirira yathuyi, tikwera ine, Yohane, mtengwa ndi mdzukulu wanga, titsata gombe chonchi, chonchi, mpaka pakhomo pa asebele anga, abambo a mtengwayu. Injini ikalowe m'mudzi ikulira, ine nditavala suti, aone kuti Mchewa akalowola amalowola."

Wailesi inali pakhonde, ndipo ngati yamva, inayamba kuchenjeza asodzi kuti panyanja pakhala mphepo ya mwera. A Mhone anakweza chala. "Mwamva, achimwene? Mwera uwo."

Agogo anu osaphethira n'komwe anati, "Mwera ndi wa anthu a kummwera. Adandaule a ku Mangochi. Ife tikupita kumpoto, zitikhudza bwanji?"

Iii, kuseka kwake! A Mhone anachita kupukuta misozi ndi mpango. Mukumbukire kuti chaka chimenecho nkhani inali ya zigawo yokhayokha, uyu wakummwera, uyu wapakati, uyu wakumpoto, m'minibasi, pamjigo, ngakhale pamaliro, ndiye aliyense anayesa kuti mkuluyu akuponya nthabwala ya ndale monga mwa masiku onse. Ine ndemwe ndinaseka, ndinali nditaionapo nyanja ine? Kuno ku Lilongwe mwera tinkaudziwa ngati kamphepo kong'amba milomo ndi kogwetsa zovala pachingwe. Pamene anthu onse aja ankaseka, palibe amene anazindikira kuti bamboyo akunena zochokera pansi pa mtima.

Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, masana, ndinalowa kuchipinda kwa ana kukabwereka singano. Zimene ndinapeza, abale inu! NyaLongwe watulutsa zovala zake zonse m'sutikesi, wazipinda, waziunjika milumilu pabedi.

Anati, "Amama, bwino mwabwera. Chitenje ichi ndi chanu. Diresi la ukwatili mudzapatse mng'ono wanga. Nsapato izi zimawakwana aneba athu, amayi a Esinati."

Za singano ndinaiwala. "Iwe mwana iwe! Zovala amagawa mwiniwake atagona kumanda. Malodza anji amenewa m'nyumba mwanga?"

Anagwada, n'kuyamba kulankhula motsitsa monga ankachitira. "Amama, adada sakuseka. Ine ndimawaona nkhope akamaseka, tsiku lija sankaseka. Mwera si wa anthu a kummwera. Kummwerako umangobadwira, kenako umayenda nyanja yonse, ndipo kwathu umafika utakula. Mafunde ake amaposa khoma ili. Mwezi uno dzuwa likangokwera, abambo anga amene anabadwira m'bwato sayerekeza kulowa m'madzi. Ndiye gombe limene adada akuti titsatelo si mchenga, ndi matanthwe okhaokha, mphepo ikakupeza pamenepo palibe pokocheza."

Ndinakhala pabedi pamwamba pa zovala zomwezo. Ndinati, "Nanga bwanji osanena tsiku lonse lija?"

"Ndikananena bwanji, amama, pamaso pa apongozi ndi akulu a mpingo? Yohane ndamuuza, akuti sangatsutse bambo ake."

Bambo akowo, Dalitso, amene lero amakukalipira ngati mkango, nthawi imeneyo pamaso pa bambo awo anali ngati nkhuku yonyowa. NyaLongwe anandipempha kuti ndikanene ndine. Anati adikire miyezi yotentha, nyanja ikagona. Akakana, akwere sitima, injini ipite ngati katundu. Akakananso, basi apeze munthu wa konko woyendetsa, ndipo anyamuke tambala asanalire, mphepo isanadzuke.

Agogo anu ndinawapeza kugalaja akupukuta injini yawo ija ngati mwana wakhanda. Ndinayamba bwinobwino, mwaulemu, koma inu mukundidziwa, ulemu wanga suchedwa kutha. Za miyezi yotentha anati Yohane tchuthi wapatsidwa chino, ndipo iwo atopa kutchedwa wokwatira ulere. Za sitima anati, "Injini yanga ikafike itagona chagada ngati mtembo? Akadziwa bwanji kuti imalira?" Za tambala anati iwo si mfiti kuti akalowe m'mudzi wa eni kuli mdima, adzanyamuka atamwa tiyi, akafike dzuwa lili pamutu anthu onse akuona. Ndinafuula kuti, "Bambo inu, mwera ukuchokera kummwera kupita kumpoto komwe mukupitako! Wanena ndi mwana wobadwira konko!"

Anaima kaye, ndipo ndinaona kuti mawuwo alowa, ndinati mwina Mulungu wandimva. Kenako nkhope ija inawala. "Ndiye bwinotu! Uzitikankha kumbuyo, petulo atsala. Iwe Naphiri, ine ndatsitsa lole yodzaza fodya pa mapiri a Ntcheu mabuleki atatha, ndiope madzi akumwa? A Mhone, munthu wakumpoto weniweni, sanaseke nawo? Mantha a amayi basi."

Ndinabwerera kwa nyaLongwe nditakwiya. Ndinati, "Asiye apite okha amisalawo. Iwe tsala."

Anandiyang'ana m'maso, koyamba chibwerere pakhomo pano. "Amama, m'boti limenelo wodziwa kusambira ndine ndekha. Ndikatsala, mutaya onse awiri. Koma mwanayu asakwere. Chitani chilichonse, mwanayu asakwere."

M'mawa mwake katundu ali panja, injini yakulungidwa m'ziguduli, agogo anu atchena suti yakuda ya paukwati wa Yohane, tayi yofiira, nsapato zonyezimira. Ine ndinakutenga iwe Dalitso ngati ndikukutsanzika, ndinakuponya kumsana, n'kukumanga ndi zitenje ziwiri, mfundo pamwamba pa mfundo, kenako ndinakakhala pansi pakati pa msewu, pafumbi. Agogo anu anati, "Bweretsa mwana, basi itisiya." Ndinati, "Mwana uyu mukamufuna, tengani sowo yanu yodulira zitsulo mudule msana wangawu." Ndinakuwa, ana inu, ndinakuwa mpaka amakanika anatuluka kunsi kwa magalimoto, amayi ogulitsa mandasi anasiya mabeseni. Mwamuna wanga chimene ankaopa padziko lapansi chinali chimodzi, kusekedwa iye asanafune kuti anthu aseke. Anayang'ana khamu lija, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Chabwino, khala nayeni. Tikabwera tidzakambirana."

Ndinadzuka, fumbi lili m'chitenje monse, mtima ukuwira. Ndinkafuna kuwalalatira mawu oti akawakumbukire njira yonse, koma nditawayandikira ndinaona kuti tayi yapotoka, mfundo yathawira kukhutu. Manja anapita okha. Ndinaimasula, n'kuimanganso bwinobwino monga ndinkachitira Lamulungu lililonse, ndipo ndinati, "Mukafike kwa eni ngati munthu." NyaLongwe anakuyamwitsa komaliza uli kumsana kwanga komweko, nditakutembenuzira m'khwapa, chifukwa ndinakana kumasula mfundo. Atatero ananyamula chikwama chake osacheuka.

Masiku otsatira mphepo inawomba muno mu Biwi ngati yatumidwa. Malata akulira, fumbi m'maso, mapepala akuuluka, ndipo ine amene kale ndinkangoti kwazizira, tsopano chitseko chikamenyeka mtima unkangoti myuu. Iwe Dalitso unkalira bere, kaphala ka supuni ukulavula. Mafoni a m'thumba kunalibe, ana inu, munthu akachoka wachoka, umangodikira.

Tsiku lina dzuwa likupendeka ndinaona a Mhone akubwera ndi akulu ena a mpingo, akuyenda pang'onopang'ono, zipewa zili m'manja. Munthu wamkulu safunsa akaona mayendedwe otero. Anakhala pakhonde pompa, a Mhone anati kuofesi kwawo kwabwera foni kuchokera ku Nkhata Bay, uthenga wodzera m'kamwa mwa anthu ambiri. Boti lagubuduzika. Awiri apulumuka, mmodzi sanaoneke.

Ndinati, "Ndani?"

Anati, "Mayi, foni inaduka. Tayesa kuimbanso, sikulowa. Maina sananene."

Kalanga ine! Kodi munamvapo zotere? Akuuze kuti m'nyumba mwako mwagwa maliro koma asakuuze a ndani? Ndinawagwira a Mhone jekete, mkulu wa mpingo, ine osaona n'komwe kuti ndikugwira ndani. "Inu a kunyanja, munamva munthu akunena kuti mwera ndi wa kummwera, bwanji munangoseka?" Bambo uja analira ngati mwana. "Mayi, ndinkayesa nthabwala. Tonse tinkayesa nthabwala. Ndinkati akafika adzapeza woyendetsa wodziwa nyanja. Ndani sadziwa mwera?"

Amayi a kutchalitchi anabwera kudzakhala nane, koma nyimbo zinkakanika, chifukwa sitinkadziwa amene tikumulira. Kupemphera kumene kunandikanika. Ndikati Ambuye mundisungire mwana wanga, ndiye kuti ndapereka mwamuna wanga kapena mayi wa khanda ili kumsanali. Ndikati mundisungire mwamuna, ndapereka amene ndinamubereka ndekha. Ndikayang'ana iwe, ukufunafuna bere pachifuwa changa chouma, ndinkati Ambuye mayi wake yekha, kenako n'kudzimenya pakamwa. Ndinasiya kutchula maina, ndinkangoti Ambuye, Ambuye.

Sabata itapitirira, masana ena mwana wa aneba anafuula kuti akubwera. Ndinathamangira kumsewu wopanda nsapato. Kutali m'fumbi, kuchokera kusiteji, anthu awiri. Maso anga anali akuthwa nthawi imeneyo koma tsiku limenelo anandikana, ndinkangoona zithunzithunzi. Wina wavala chitenje. Mtima unati, mayi wa mwana alipo. Winayo mwamuna, wavala malaya obwereka, akutsimphina. Abambo a Yohane ndi Yohane anali msinkhu umodzi, mayendedwe amodzi. Ndinaima pakati pa msewu pomwe ndinakhala tsiku lija, mpaka mwamunayo anadzutsa nkhope, ndipo anali Yohane.

Ndinakuwa, koma mpaka lero sindidziwa ngati kunali kukondwa kapena kulira.

Nkhani yonse anandiuza nyaLongwe yekha, anthu atabalalika, iwe uli pabere ukuyamwa ngati ubwezera masiku onse aja. Anati m'mawa umenewo padooko pa Nkhata Bay madzi anali phee, chifukwa mapiri amatchinga, ndipo apongozi ake anamuuza Yohane mokweza kuti mkazi wake amve, "Mwera wanu uja uli kuti?" Asodzi amene ankasoka maukonde pamchenga anafuula kuti, "Adada, mwera!" Agogo anu anayankha chimodzimodzi, kuti mwera ndi wa anthu a kummwera, ndipo asodzi aja anaseka, poyesa kuti mkulu wa sutiyu akungoyesa injini pafupi pomwepo abwerera. Injini inalira bwino, zimenezo anandiuza kuti ndidziwe, sinaphonye ngakhale kamodzi. Koma atangozungulira phiri kutuluka poyera, dzuwa litakwera, nyanja inasanduka. Mafunde ankachokera kumbuyo monga ananenera agogo anu, koma m'malo mowakankha ankanyamula boti lonse n'kulitsitsa chamutu, madzi n'kumalowa kumbuyo kumene kunali kulemera kwa injini. NyaLongwe ankakapa madzi ndi chidebe, Yohane akusanza. Kumanzere matanthwe okhaokha, pokocheza palibe.

Apongozi ake ataona kuti zavuta anaganiza zokhota kuti abwerere, monga ungakhotetsere lole. Pamenepo nyaLongwe anaiwala mwambo, anafuula, "Adada, musakhote!" Amenewo ndiwo mawu oyamba amene mtengwa wanga analankhula kwa apongozi ake. Anati bamboyo anadzidzimuka, anamuyang'ana kukamwa kuli yasa, koma dzanja linali litapotokola kale. Boti linapereka nthiti kwa funde, ndipo funde linalivundikira.

Atavuuka anaona Yohane patali wakakamira chigubu cha petulo, chikumupulumuka, ndipo pafupi apongozi ake akumira, suti ndi nsapato zikuwakokera pansi. Anasambira n'kuwagwira chimene dzanja linapeza, tayi. Mtengwa amene sankaponda ngakhale pamkeka wawo anawakoka ndi tayi ngati mbuzi, mutu wawo n'kutuluka pamwamba. Anati anatsokomola, anayang'ana kumene kunali Yohane, anaona chigubu chikuyandama chokha, mutu wa mwana wawo ukulowa ndi kutuluka. Kenako anamuyang'ana iye m'maso.

"Mwana wanga, unanena zoona. Katenge mnzako."

Iye anakana, anagwiritsa. Ndiye bambo uja, ndi manja ake a umakanika aja, analowetsa zala m'khosi, anakweza tayi kudutsa pamutu, n'kuivula yekha. NyaLongwe anatsala ndi tayi m'manja.

Anamukoka Yohane ndi kolala mpaka pa kamwala kena, mawondo onse atang'ambika, n'chifukwa chake bambo ako amatsimphina kukazizira. Anthu a m'phiri anawaona n'kuwatsitsira chingwe. Thupi la agogo anu linapezeka patapita masiku, mwera womwewo utalikankhira kumpoto mpaka kufupi ndi mudzi wa asebele awo, ndipo mmene linalili silikanatheka kuyenda ulendo wobwera kuno. Anawaika konko. Abambo a nyaLongwe anapereka malo pakati pa manda a abale awo, ndipo pamaliropo analengeza kuti za malowolo asadzazitchulenso munthu. Mwamuna wanga anakafikadi kwa asebele ake atavala suti, anthu onse akuona.

Atatha kufotokoza, nyaLongwe anapisa m'chikwama n'kundipatsa tayi ija. Yofiira ija, itachita mawanga ndi madzi. Ndinaitembenuza, ndipo mfundo inali yomwe ija ndinamanga ine pamsewu, yosamasuka. Apo ndiye ndinagwa pansi.

Mwezi wa Okutobala ndinakwera sitima kukaona manda. Kanali koyamba kuona nyanja, ndipo inali yosalala ngati mbale, ana akusewera m'mphepete, amayi akutsuka mapoto. Ndinapsa mtima, ndinaitukwana nyanja ija pamaso pa anthu, kenako ndinakakhala pamanda n'kuwakalipira eni akewo, kuti bambo inu, miyezi itatu yokha mukanadikira, mukanafa nayo? Mpaka lero ndikawakumbuka ndimayamba ndi kukalipa, kulira kumabwera pambuyo.

Nditabwerako ndinaitana nyaLongwe, ndinamubwezera chitenje chija anandigawira, ndipo ndinamuuza kuti kuyambira lero m'nyumba muno udzadya nane mbale imodzi, ndipo ukaona chinthu udzanena, kaya pali mfumu kaya pali abusa. Mukumumva mmene amalankhulira masiku ano, mpaka ena amati mayi a Dalitso ndi olongolola. Asiyeni alongolole, anagula pakamwa pawo ndi mtengo wowawa.

Sindikuti mutaye ulemu, ana inu. Gwadani, perekani moni, akulu akamalankhula mverani. Koma munthu akanena chinthu chokudabwitsani, ngakhale onse akuseka, mufunseni kuti kodi mukuseka kapena mukunenetsa, chifukwa funso limenelo likanafunsidwa pabwalo apo, bwenzi pano pali nkhalamba ina ikukunyansani ndi nthabwala zake. Tayi ija ili m'sutikesi mwanga pansi pa bedi, Dalitso adzakuonetsa iwe Tadala, koma mfundoyo musadzaimasule.

Ndiye iwe Tadala, mawa apongozi ako akakagwiranso makwerero aja, usadzandifunefune ine, usadzatume mwamuna wako. Udzafuule wekha, Biwi yense amve. Wamva?

Sindinamve. Kweza mawu, mwana wanga.

Eyaa. Choncho.